Zolemba za ntchito: kufufuza zosowa za anthu tisanamange webusaiti ya sukulu ndi laibulale

Sabata yoyamba

Komiti yagwirizana kuti kwa masabata akubwerawa pasapezeke wokamba za mitundu, zithunzi kapena logo. Ntchito imene ili patsogolo pathu ndi kudziwa kuti ndani adzatsegule webusaitiyi, adzaitsegula ali kuti, ndipo pa nthawiyo adzakhala akufuna chiyani. Webusaiti ndi imodzi koma idzasenza za sukulu ndi za laibulale zomwe, choncho kafukufuku ayenera kufika mbali zonse ziwiri.

Tinayamba ndi kulemba magulu a anthu pa bolodi. Atatu oyamba sanavute: ophunzira, makolo, aphunzitsi. Kenaka mlembi wa mu ofesi, yemwe anali phee kuyambira pachiyambi, anati, "Nanga aja amabwera kudzafunsira ana awo malo? Nanga ophunzira akale ofuna makalata a umboni? Amenewo ndi amene amandidzazira pa zenera." Woyang'anira laibulale anaonjezera anthu akunja amene amaloledwa kudzawerenga koma osabwereka mabuku. Gulu lomaliza ndinalemba ndine, ndipo ena anaseka chifukwa ndi gulu la munthu mmodzi: amene azidzasintha zolembedwa pa webusaitiyo sabata ndi sabata. Nayenso ndi wogwiritsa ntchito, ndipo tsiku limene adzatope, webusaiti idzayamba kunama.

Aphunzitsi aakulu abweretsa kale mndandanda wawo wa zoti zikhale patsamba loyamba: mawu a moni, mbiri ya sukulu, masomphenya, mayina a aphunzitsi onse ndi zithunzi za nyumba zatsopano. Ndaulandira ndi manja awiri ndipo ndausunga. Tidzauyala pafupi ndi zimene tipeze.

Sabata yachiwiri

Taika makope awiri, lina pa zenera la ofesi, lina pa kauntala ya mu laibulale. Funso lililonse limene munthu wafunsa, kaya pamaso, kaya pa foni, kaya mu uthenga, lizilembedwa mwachidule, ndipo likabweranso pazingoikidwa kachizindikiro pambali pake. Dzina la wofunsa sitikulifuna. Kungolemba kuti "kholo", "wophunzira" kapena "mlendo" n'kokwanira.

Njira imeneyi ndimaidalira kuposa fomu ya mafunso. Akuluakulu anati safunsa anadya phula, koma kafunsidwe nakonso kali ndi mlandu wake. Mufunseni munthu ngati angakonde kuti pa webusaiti pakhale mavidiyo a maphunziro, adzati inde. Malo ochezerapo ophunzira akale? Inde. Nyimbo ya sukulu yoti iziimba tsamba likatseguka? Mwina adzatinso inde, kuopa kukukhumudwitsani. Palibe amene amakana chinthu chaulere chimene sanachione. Kope la pa zenera silifunsa zimene munthu angakonde. Limalemba chimene chinamunyamula kunyumba n'kudzamuimika pa mzere.

Fomu tapangabe, poti alipo amene safika pa zenera. Ndi ya tsamba limodzi, ndipo mafunso ake ndi a zimene zinachitika kale: ulendo womaliza pamene munafuna kudziwa china chake cha sukulu, chinali chiyani? Munachipeza bwanji? Mumalowa pa intaneti ndi chiyani, nanga chipangizocho n'chanu nokha kapena mumabwerekana? Taitulutsa ya papepala ndi ya pa intaneti. Ya pa intaneti yokha ikanatibweretsera mayankho a anthu amene intaneti siwavuta, omwe si amene akutidetsa nkhawa.

Sabata yachitatu

Tayamba kucheza ndi anthu mmodzimmodzi, mphindi zochepa aliyense. Ndimawapempha kuti andionetse pa foni yawo momwe amafufuzira zinthu, m'malo mongondifotokozera.

Makolo pafupifupi onse akufuna zinthu zofanana, ndipo zonse zili ndi tsiku: teremu itsegulidwa liti, itsekedwa liti, msonkhano wa makolo uli liti, fizi ilipiridwe pofika liti ndiponso kudzera njira iti, mwana abwere ndi chiyani tsiku loyamba. Mayi wina anandionetsa chithunzi cha kalata ya sukulu chimene anatumiziridwa ndi kholo linzake. Chinali chojambulidwa mopendekeka, tsiku lake losaoneka bwino. Ndinawafunsa kuti, "Mayi, munadziwa bwanji kuti kalatayi ndi ya teremu ino?" Anati, "Sindinadziwe, n'chifukwa chake ndinabwera kudzafunsa." Apa ndinaona kuti uthenga umafika ndithu, koma umafika wopanda chotsimikizira. Chimene makolo akusowa ndi malo amodzi oti akakayika azikaonapo, ndipo chilichonse chikhale ndi tsiku limene chinalembedwa.

Za zipangizo palibe chodabwitsa. Ndi foni basi. Kampani ya StatCounter inalengeza kuti mu Okutobala 2016 mafoni ndi matabuleti pamodzi anaposa makompyuta pa kutsegula masamba a intaneti padziko lonse, ndipo anthu athu sakusiyana ndi zimenezo. Chimene chiwerengero chotere sichinena ndi chakuti foni yambiri ndi yogawana. Wophunzira amagwiritsa ntchito ya makolo madzulo, kwa kanthawi, wina akudikira. Zimenezi zikukhudza chilichonse chofuna pasiwedi. Mwana akalowa mu akaunti yake ya laibulale pa foni ya mchimwene wake n'kuiwala kutuluka, zimene wabwereka zili poyera. Komanso tsamba lolemera ndi zithunzi limadya data ndipo limachedwa netiweki ikafooka. Angapo anandiuza kuti akaona fayilo ya PDF amayamba aganiza kaye asanaitsegule, popeza sadziwa kukula kwake.

Aphunzitsi akufuna zosiyana ndi zimene ndinkamva mu komiti. Palibe amene watchula chithunzi chake kapena mbiri ya maphunziro ake. Akufuna kudziwa ngati laibulale ili ndi makope okwanira a buku asanapereke ntchito ku kalasi yonse, ndiponso njira yosungitsira chipinda chowerengera.

Sabata yachinayi

Sabata yonse yathera mu laibulale, ndipo kuno ndi kumene kuli ntchito yambiri.

Kope la pa kauntala ladzaza msanga kuposa la ku ofesi. Mafunso atatu ndi amene ali ndi zizindikiro zambiri: buku lakuti lilipo? Mutseka nthawi yanji lero? Mapepala a mayeso a zaka zapitazi ali kuti? Pambuyo pake pakubwera la kuonjezera masiku a buku lobwereka ndi la chindapusa cha kuchedwa kubweza. Funso la mbiri ya laibulale silinalembedwe n'kamodzi komwe.

Laibulale imagwiritsa ntchito Koha, pulogalamu yaulere yosungira kaundula wa mabuku imene inayambira ku New Zealand mu 1999. Koha ili kale ndi tsamba lake lofufuzirapo mabuku, moti funso loyamba lija lili ndi yankho, kungoti ophunzira ambiri sadziwa kuti tsambalo liliko. Ena amaganiza kuti kompyuta ya pa kauntala ndi ya antchito okha. Ndiye sitikufunika kumanga katalogi ina. Chofunika ndi khomo looneka bwino lolowera ku katalogi imene ilipo.

Apa pabuka vuto limene tiyenera kulithetsa tisanajambule tsamba lililonse. Webusaiti idzakhala ndi kabokosi kofufuzira nkhani za sukulu, katalogi nayo ili ndi kake. Munthu akaona kabokosi amangolembamo chimene akufuna, saganiza kuti kakufufuza mbali iti. Wophunzira adzalemba mutu wa buku m'kabokosi ka webusaiti, adzauzidwa kuti palibe chapezeka, ndipo adzachoka akukhulupirira kuti bukulo kulibe. Maganizo anga ndi akuti patsamba la laibulale pakhale kabokosi kamodzi kokha, kolunjika ku katalogi, kolembedwa pamwamba kuti n'kofufuzira mabuku. Kofufuzira nkhani za sukulu kabisike pamenepo.

Ndinakhala pambali n'kumaonerera ophunzira akufufuza mabuku mu katalogi. Kulemba ndi kupeza mutu sikuwavuta kwenikweni. Amaima akafika pa nambala. Mabuku athu anasanjidwa motsatira dongosolo la Dewey, limene Melvil Dewey anatulutsa mu 1876: 500 ndi sayansi, mkati mwake 510 masamu, 530 fizikisi, 540 kemisitiri, 570 bayoloje, ndipo 900 ndi mbiri ndi jogalafe. Kwa woyang'anira laibulale nambalazi zili ngati mayina a ana ake. Kwa mwana wa chaka choyamba, 540 sikumuuza kuti atembenukire kumanja kapena kumanzere. Mtsikana wina anakopera nambala pa dzanja, anazungulira mashelefu, kenaka anabwerera pa kauntala kudzafunsa funso lomwelo limene katalogi inali itamuyankha kale. Choncho pa mndandanda wa zosowa talembapo chinthu chimene palibe anachitchula pa fomu: mapu osavuta a mashelefu, osonyeza nambala ndi malo ake, pa webusaiti ndi pa khoma pomwe. S. R. Ranganathan wa ku India, polemba malamulo asanu a ntchito ya laibulale mu 1931, anaika lachinayi kuti tizisunga nthawi ya wowerenga. Nthawi ya mtsikana uja inatayika pakati pa sikirini ndi shelefu, malo amene webusaiti payokha siwafika pokhapokha titaganiziratu.

Chinthu china chovuta kumva: katalogi nthawi zina imanena kuti buku lilipo pamene pa shelefu palibe. Lina linasochera, lina linaikidwa malo olakwika, lina linang'ambika n'kuchotsedwa osalembedwa. Pakadali pano bodza limeneli limakonzedwa pa kauntala, chifukwa woyang'anira amadziwa pamtima mabuku amene anasowa. Tikatsegulira katalogi anthu a kunyumba, munthu adzanyamuka ulendo chifukwa cha mawu akuti "lilipo". Ndapempha kuti kuwerengera mabuku onse pa mashelefu, poyerekeza ndi katalogi, kuchitike webusaiti isanatsegulidwe. Woyang'anira anandiyang'ana nthawi yaitali, kenaka anati, "Ndiye mundipezere ana oti andithandize pa holide." Ndalemba pempholi ku komiti.

Mapepala a mayeso akale ndawaika padera. Akufunidwa kwambiri, koma tiyenera kufunsa kaye eni ake ngati tili ndi chilolezo chowaika poyera. Amene analembedwa ndi aphunzitsi athu savuta.

Sabata yachisanu

Tacheza ndi ophunzira ndi makolo amene ali ndi vuto la kuona, la kumva kapena la kugwiritsa ntchito manja. Mnyamata wina wosaona anandionetsa momwe amawerengera pa foni ndi TalkBack, pulogalamu ya mu Android imene imawerenga mokweza zimene zili pa sikirini. Pa iPhone ntchito yomweyi imagwiridwa ndi VoiceOver, ndipo pa kompyuta ya Windows pali NVDA, yomwe ndi yaulere. Liwiro limene amamvetsera nalo ine sindinathe kutolapo mawu. Tinatsegula masamba a masukulu ena kuti tione. Pamene chidziwitso chinaikidwa ngati chithunzi cha kalata, foni inangoti "chithunzi" n'kudumpha. Kalata yonse ya masiku a mayeso, kwa iye, inali mawu amodzi amenewo. Pamene linki iliyonse inalembedwa kuti "dinani apa", anamva "dinani apa" kambirimbiri popanda chomuuza kuti iliyonse ikupita kuti.

Apa sitiyenera kudzipangira malamulo athu. Bungwe la W3C, limene limakonza miyezo ya masamba a intaneti, lili ndi malangizo otchedwa WCAG, othandiza kuti anthu a mavuto ngati amenewa azitha kugwiritsa ntchito webusaiti. Mtundu wa 2.1 unatuluka mu 2018, wa 2.2 mu 2023. Tagwirizana kutsatira mlingo wa AA, wapakati mwa milingo yake itatu. Zina mwa zimene mlingowu ukufuna: chithunzi chilichonse chokhala ndi tanthauzo chikhale ndi mawu ochifotokoza, zilembo zithe kukulitsidwa mpaka 200 peresenti popanda kutaya zolembedwa, zonse zitheke ndi kiyibodi yokha, ndipo kusiyana kwa kuwala pakati pa zilembo wamba ndi pamene zalembedwapo kukhale 4.5 kwa 1 kapena kuposa. Mtundu wa 2.2 unaonjezeranso kuti malo odinapo asachepere mapikiselo 24 mbali zonse, zimene zingathandize aliyense wa zala zazikulu pa foni yaing'ono.

Ndayesa mitundu ya yunifomu ya sukulu pa chida choyezera kusiyanaku. Ukalemba umodzi pamwamba pa unzake sikufika pa 4.5. Nkhani imeneyi idzavuta mu komiti kuposa zonse, ndikudziwa. Tingathe kuisunga mitunduyo pa mizere ndi m'mphepete, zolemba n'kukhala zakuda pa poyera. Komanso katalogi isamasonyeze buku lopezeka ndi lobwerekedwa pogwiritsa ntchito zobiriwira ndi zofiira zokha, poti alipo anthu, makamaka amuna, amene mitundu iwiriyi saisiyanitsa. Pakhale mawu.

Sabata yachisanu ndi chimodzi

Kusanja makadi. Tinalemba chinthu chilichonse choti chingakhale pa webusaiti pa khadi lakelake, kuchokera mu makope aja, mu mafomu ndi pa mndandanda wa aphunzitsi aakulu. Munthu aliyense timamupatsa mulu wonse kuti augawe m'magulu momwe iye akuonera, kenaka gulu lililonse alipatse dzina.

Antchito a pasukulu anasanja motsatira maofesi: za ofesi ya ndalama, za dipatimenti ya sayansi, za masewera, za laibulale. Makolo anasanja motsatira nthawi ndi chochitika: zofunika teremu isanayambe, zofunika mwana akadwala kapena akajomba, zofunika nthawi ya mayeso. Khadi la fizi, la yunifomu ndi la tsiku lotsegulira, omwe antchito anawaika m'milu itatu yosiyana, makolo anawaika pamodzi. Kholo silidziwa ndipo silikufuna kudziwa kuti ndi ofesi iti imene imalemba kalata iti. Menyu itsatira makolo ndi ophunzira. Mulu wa "zina ndi zina" taukana. Khadi limene likusowa kolowera mwina silikufunika n'komwe.

Tinachitanso kavoti kofanana ndi njira imene Gerry McGovern wa ku Ireland amalimbikitsa: munthu amapatsidwa mndandanda wautali wa zimene angachite pa webusaiti, n'kusankha zisanu zokha zofunika kwambiri kwa iye. Zotsatira zagwirizana ndi makope aja. Zinthu zochepa zatenga mavoti ochuluka, ndipo mchira wautali wa zinthu zatsala opanda wozisankha.

Sabata yachisanu ndi chiwiri

Msonkhano wa komiti. Ndinayala makope awiri aja patebulo pamodzi ndi mndandanda wa sabata yoyamba, osanena zambiri. Aphunzitsi aakulu anatsegula masamba pang'onopang'ono, kenaka anati, "Ndiye mukuti moni wanga palibe akuufuna?" Ndinayankha kuti, "Ayi bambo, alipo oufuna. Kholo limene likusankhira mwana sukulu limafuna kumva mawu anu ndi kuona nyumba. Koma limabwera kamodzi, pamene kholo la mwana amene ali kale pano limabwera teremu iliyonse kudzafuna tsiku." Mfundo yawo ndi yoona ndipo sindikuipeputsa: webusaiti ndi nkhope ya sukulu kwa alendo. Tagwirizana kuti moni, mbiri ndi zithunzi zikhale ndi tsamba lawo lokonzedwa bwino, lolumikizidwa ndi za kafunsidwe ka malo, pamene tsamba loyamba likhale la masiku, zidziwitso zatsopano, nthawi zotsegulira ndi khomo la katalogi. Za mitundu tazisiyira msonkhano wina.

Nthawi yambiri inathera pa chinsinsi cha ana. Ena amafuna zotsatira za mayeso ziziikidwa poyera ndi mayina. Komiti yakana. Zithunzi za ophunzira ziziikidwa pokhapokha makolo atavomereza molemba, ndipo dzina lonse lisamalembedwe pansi pa nkhope. Woyang'anira laibulale anaumirira pa mfundo ina imene ena sanaiganizire: zimene mwana wabwereka ndi zake. Mwana amene watenga buku la za matenda, za thupi lake kapena za mavuto a m'banja sayenera kuopa kuti mndandandawo uonedwa ndi ena. Bungwe la malaibulale padziko lonse la IFLA linatulutsa chikalata cha za chinsinsi mu laibulale mu 2015, ndipo Koha ili ndi njira yofufutira dzina pa mbiri ya zobwereka buku likabwezedwa. Tiitsegula. Pa zowerengera alendo a pa webusaiti, tikuyerekeza Google Analytics ndi Matomo. Ubwino wa Matomo ndi wakuti ingathe kukhala pa seva yathu, ziwerengero osatuluka kunja. Chigamulo sichinapangidwe.

Sabata yachisanu ndi chitatu

Tajambula masamba papepala, kukula kwake ngati sikirini ya foni, ndipo tayamba kuyesa ndi anthu ochepa. Munthu amapatsidwa ntchito, osati funso la maganizo: pezani tsiku limene teremu ikutsekedwa, onani ngati buku lakuti lilipo, mwana wanu wadwala, pezani woti mumuuze. Amaloza ndi chala pamene angadine, ine n'kumuikira pepala lotsatira. Chovuta ndi kukhala chete pamene akusochera.

Wina mu komiti anafunsa ngati anthu ochepa chonchi angatiuze zoona. Jakob Nielsen analemba mu 2000, potengera kafukufuku amene anachita ndi Tom Landauer mu 1993, kuti kuyesa ndi anthu asanu kumaulula pafupifupi 85 peresenti ya mavuto a kagwiritsidwe ntchito, ndipo kuti ndi bwino kuyesa kangapo ndi anthu ochepa kusiyana ndi kuyesa kamodzi ndi khamu. Anthu amakonda kutchula nambala ya asanuyo n'kuiwala chenjezo lake, lakuti ngati magulu a ogwiritsa ntchito ndi osiyana kwambiri, gulu lililonse liyesedwe palokha. Ophunzira asanu sangatiuze pamene agogo olera mdzukulu angakodwe. Tikuyesa ophunzira paokha, makolo paokha, aphunzitsi paokha.

Zimene zatuluka: nthawi zotsegulira laibulale tinaziika pansi pa tsamba, ndipo ambiri sanafike kumeneko. Zakwera pamwamba, ndipo zizisonyeza za lero poyamba, chifukwa funso la pa kauntala linali lakuti "lero", osati "sabata ino". Kalendala ya mabokosi a mwezi wonse siwerengeka pa foni. Mndandanda wa masiku otsatizana ukuyenda bwino. Makolo ofuna kunena za mwana wodwala onse anafunafuna nambala ya foni, palibe anafuna fomu yolembapo uthenga. Nambalayo ikhale yoti ukaidina iziimba. Ophunzira anapeza katalogi mosavuta, koma batani loonjezera masiku a buku analifunafuna patsamba la laibulale pamene lili mkati mwa akaunti ya Koha. Tiikapo linki yolunjika, ndi chikumbutso chotuluka mu akaunti akamaliza.

Webusaiti yeniyeni ikadzatha tidzayesanso, ndipo pamenepo tidzagwiritsa ntchito System Usability Scale, mafunso khumi oyezera ngati chinthu n'chosavuta kugwiritsa ntchito, amene John Brooke anakonza mu 1986, kuti tikhale ndi poyerekezera chaka ndi chaka. Papepala sizingatithandize.

Sabata yachisanu ndi chinayi

Ndinakhala ndi mlembi wa mu ofesi, munthu wa gulu lomaliza lija, kuti tione ntchito imene tikumukonzera. Tinadutsa tsamba lililonse n'kufunsa mafunso awiri: lidzasintha kangati pachaka, ndipo adzalisintha ndani? Tsamba lopanda dzina pambali pake tinalidula. Ndi momwe nkhani za sabata ndi sabata zagwera, pamodzi ndi malo ochezerapo ophunzira akale ndi tsamba la kalabu iliyonse. Onse amazifuna, koma palibe anavomera kuzilemba. Tsamba la nkhani limene nkhani yake yomaliza ndi ya chaka chatha limapangitsa munthu kukayikira ngakhale tsiku lotsegulira limene lili loona.

Iye anapempha zinthu zitatu. Azitha kuika chidziwitso kuchokera pa foni, chifukwa zadzidzidzi sizidikira kuti afike pa desiki. Chidziwitso chilichonse chizikhala ndi tsiku lochokerapo chokha. Ndipo pakhale munthu wachiwiri wodziwa ntchitoyi, kuti iye akapita kutchuthi zinthu zisaime. Chachinayi ndaonjezera ndine: kalata iziikidwa ngati mawu olembedwa patsamba, PDF izibwera pambuyo kwa ofuna kusindikiza, kukula kwake kutalembedwa pambali. WordPress, pulogalamu yomangira mawebusaiti, ingathe zonsezi, koma kusankha pulogalamu ndi gawo lotsatira, ndipo lipoti la zosowa silitchula dzina la pulogalamu iliyonse kupatula Koha yomwe ilipo kale.

Lipoti lalembedwa ndipo lapita kwa a komiti. Lili ndi magulu a anthu, ntchito zikuluzikulu za gulu lililonse, menyu yoyesedwa, malamulo a chinsinsi, mlingo wa WCAG, ndi mndandanda wa zimene tazisiya dala pamodzi ndi zifukwa zake, kuti zikadzabweranso mu msonkhano tisadzayambirenso mkangano. Makope a pa zenera ndi pa kauntala sitikuwachotsa. Webusaiti ikadzatsegulidwa tidzayerekeza: ngati funso la nthawi yotsekera likubwerabe kuchuluka komweko, ndiye kuti tsambalo silikugwira ntchito kapena anthu sakulidziwa.

Zotsala: gulu la ofunsira ana malo talifikira pang'ono chabe, popeza ino si nyengo yawo, ndiye tidzacheza nawo nyengoyo ikafika ndipo tsamba lawo likhala losakhalitsa mpaka pamenepo. Yankho la chilolezo cha mapepala a mayeso silinabwere. Kuwerengera mabuku pa mashelefu kuyamba holide ikubwerayi ngati komiti ivomereze za ophunzira othandiza. Msonkhano wa mitundu uli Lachinayi.